Sabata ya mawaya osokonekera

Lolemba m'mawa kunabwera bambo ena akudandaula kuti amp (chipangizo chokuza mawu opita ku masipika) yatsopano ya m'galimoto yawo imazima yokha akangokweza mawu. "Anandigulitsa yakufa," anatero. Nditatsegula buti ndinapeza masipika awiri a ma ohm 4 (ohm ndi muyeso wa mmene sipika imapingira magetsi) atalumikizidwa pamodzi, plus ku plus, minus ku minus, amp ili pa bridge, kutanthauza kuti njira zake ziwiri zotulutsira mawu (ma channel) zinaphatikizidwa kukhala imodzi. Masipika otere akalumikizidwa motero amatsika kukhala ma ohm 2, pamene amp imeneyo pa bridge imafuna ma ohm 4, choncho inkagwira ntchito yopyola mphamvu yake. Inali yotentha moti dzanja silinkakhazikika pamwamba pake, ndiye inkadzizimitsa kuti isapse. Ndinachotsa bridge, sipika iliyonse n'kuipatsa channel yake, vuto linathera pomwepo.

Lachiwiri ndi Lachitatu zinali zawamba: kusintha fyuzi, kumanga mawaya omasuka.

Ya Lachinayi ndi imene yandikhala mumtima. Mayi ena anandiitanira kunyumba kwawo kuti wailesi yawo ikumveka yopepuka, bass (mawu okhuthala) kulibe, ndipo anali atatsimikiza zogula masipika ena. Ndinamasula waya wa sipika iliyonse kumbuyo kwa amp n'kuugunditsa pa batire laling'ono la 1.5V. Plus ikakhala pa plus, pepala la sipika limatukukira kunja. La kumanzere linatuluka, la kumanja linalowa mkati. Waya wina anali atatembenuzidwa, choncho sipika ina ikamakankha mpweya inzake inkakoka, mawu okhuthala n'kumafafanizana. Nditasinthanitsa mawaya awiriwo, mayiwo anaima pakati pa chipinda, dzanja pachifuwa. "Ndi masipika omwe aja?" Zinandisangalatsa kuti ndalama zawo sizinapite pachabe.

Lachisanu ndinakwiya. Mnyamata wina anabwera ndi galimoto yolira mluzu m'masipika, wokwera akaponda mafuta. Phokoso limenelo limachokera ku alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira. Waya wa earth, umene umafunika kukhudza chitsulo cha galimoto, anaumangira pa bawuti yapenti, ndipo mawaya a RCA, otenga mawu kuchoka ku wailesi kupita ku amp, anagona limodzi ndi waya wamagetsi. Ndinapala penti mpaka chitsulo chinawala, RCA n'kuidutsitsa mbali ina. Koma chondiopsa ndinachipeza kutsogolo: waya wonenepa wochoka ku batire unalibe fyuzi, ndipo pamene unkadutsa pabowo lachitsulo, khungu lake linali litayamba kudyeka. Ukanangokhudza chitsulo, galimoto ikanayaka moto. Ndinamuonetsa malowo, ndinaika fyuzi pafupi ndi batire ndi labala pabowo, ndipo kiyi ndinamubwezera nditayezanso zonse ndi mita yoyezera magetsi.