Bodi ya 486 inkangolira katatu, mpaka ndinaipeza nthenda yake

Bodi ya kompyuta (motherboard) imeneyi ndinaitola mu katoni ya zinthu zakale, ya purosesa ya 486, BIOS yake, pulogalamu yoyamba kugwira ntchito ukayatsa, ndi ya kampani ya AMI, masiloti a RAM 8 aafupi aja a mapini 30, ndipo pambali panali kajumbo ka ma SIMM, timabodi ta RAM tolowa m'masilotiwo, osakanikirana 12. Nditalumikiza magetsi, apa samalani, mawaya akuda a mapulagi awiri a magetsi, P8 ndi P9, azikumana pakati, mukasemphanitsa mutha kuotcha bodi, sikirini inangoti bii, sipika nkulira katatu, kupuma, katatunso. Pa AMI kulira katatu ndiye kuti 64K yoyambirira ya RAM yavuta. Kamodzi ndi vuto la refresh, kutsitsimutsa zomwe RAM yasunga, kawiri ndi la parity, bit yowonjezera yogwirira zolakwika.

Poyamba cholakwa chinali changa. Ndinaika ma SIMM awiri okha poganiza kuti ndingoyesa kaye, osadziwa kuti SIMM ya mapini 30 imanyamula ma bit 8 pomwe 486 imafuna 32 nthawi imodzi, nde pamafunika anayi ofanana mu bank 0, gulu loyamba la masiloti, ndipo bank 0 ndi iti muwerenge pa bodi pomwepo, amalemba timalemba tating'ono pambali pa masiloti. Purosesa ya 386SX imakhutira ndi awiri, SIMM ya mapini 72 pa 486 imodzi imakwana, pa Pentium awiri.

Ndiye panabwera ntchito yosankha, ndipo kunena zoona apa mpomwe ndinasangalala. Ma SIMM akalewa ambiri alibe sitika yonena kukula kwake, umawerenga manambala a pa tchipi ndi galasi lokuzira. Ukaona 1000 mu nambalayo, monga 411000 kaya 511000, ndi 1M x 1, ndiye kuti malo miliyoni imodzi a bit imodzi imodzi, matchipi 9 otero ndi 1MB ya parity. Ukaona 4256 ndi 256K x 4, kaSIMM ka 256KB basi. 4400 ndi 1M x 4, awiri otero kuphatikiza kamodzi ka 1000 ndi 1MB yomweyo koma ya matchipi atatu. Matchipi 9 kapena 3 parity ilipo, 8 kapena 2 palibe. Kumapeto kwa nambala kuli liwiro, -7 kaya -70 ndi 70ns, -8 ndi 80ns. Ndinapanga timilu patebulo mpaka ndinapeza anayi a matchipi 9 onse 70ns. A matchipi atatu ndinawaika padera dala chifukwa mabodi ena akale sagwirizana nawo, makamaka ukawasakaniza ndi a 9 mu bank imodzi.

Mano a ma SIMM ndinawapukuta ndi labala ya pensulo kenako isopropyl, spiriti yotsukira zamagetsi. Polowetsa mumaipendeketsa kaye nkuiimika pang'onopang'ono mpaka iti twa, timakilipu ta pulasitiki togwira SIMM mu siloti takalamba, ndinathyola kamodzi, mtima unandiwawa koma SIMM inagwirabe.

Kuyatsa. Katatu kachiwiri. Aaa.

Ndinasinthasintha ma SIMM mwina ola lathunthu, kulira kwake komweko, ndipamene ndinasiya kuinamizira RAM nkuyang'ana bodi yeniyeniyo. Pafupi ndi pobaya kiyibodi pali batire ya NiCd ya 3.6V ija yooneka ngati kamgolo, inali itadontha kalekale, zobiriwira zitayanga mpaka kumapazi a siloti yoyamba. Ndinaidula nkuitaya, kupaka viniga ndi mswachi poti zodonthazo ndi alkaline, kutsuka, isopropyl, nkuisiya usiku wonse iume. Mawa lake ndinatenga mita nkuiika pa continuity, pomwe imalira ngati njira ya magetsi sinaduke, kumagusa pini ndi pini kutsata tinjira ta kopa. Kanjira kamodzi kamaoneka bwinobwino ndi maso koma mita inali zii. Ndinalumphitsa ndi kawaya kopyapyala, sodala pang'ono mbali zonse.

Ulendo uno sikirini inayaka, manambala nkuyamba kuthamanga sipika ikuti tiki tiki tiki, nkukaima pa 3712K. Musadabwe kuti si 4096, 384K ija bodi yaisungira shadow, kope ya BIOS mu RAM, siinabedwe.

Kuwerenga kwa BIOS sindikukhulupirira kwenikweni, ndi kongodutsa, nde ndinaika Memtest86 yakale, pulogalamu yoyezera RAM, pa floppy nkuisiya izungulire kangapo. Inatulutsa zofiira pa bit imodzimodzi. Ndinazimitsa cache, memori yaing'ono yothamanga ya purosesa, mu setup ya BIOS kuti ndione ngati vuto ndi timatchipi ta SRAM ta cacheyo, zofiira zinabwerabe, ndiye ndinayamba kuchotsa SIMM imodzi imodzi ndikulowetsa yaspeya ya matchipi 9 yomwe inatsala mu jumbo. Yachitatu ndi imene inali yodwala. Ndailemba X ndi maka, ndipo pano ndikufuna kutulutsa mawaya a batire yakunja kuti CMOS, kamemori kosunga za mu setup, isamaiwale deti ndikazimitsa.