Mphindi zisanu za amayi a ku akaunti

Sabata yathayi ndinaithera pa ntchito imodzi, yosonkhanitsa mapulogalamu a bungwe lathu kuti onse azilowedwa pakhomo limodzi. Likulu lathu lili kuno ku Mzuzu, anzathu ena ali ku Rumphi, Karonga ndi Nkhata Bay, ndipo kwa zaka zambiri aliyense wakhala akusunga mapasiwedi anayi kapena asanu. Ena amalemba pakapepala n'kumata pansi pa kiyibodi, ena amabwerekana pasiwedi ngati lichero la pamudzi. Chinandidzidzimutsa n'chakuti mwezi watha ndinapeza akaunti ya munthu amene anasiya ntchito kalekale ikadali yotsegula, m'mene muli mayina, manambala a foni ndi ngongole za alimi. Palibe choipa chinachitika, koma usiku umenewo sindinaone tulo.

Tinasankha Keycloak, pulogalamu yaulere yoyang'anira khomo limodzi lolowerali, imene inayambira ku kampani ya Red Hat mu 2014, ndipo tinaiika pa seva yathu. Zina zambiri zogwira ntchito yomweyi zimalipitsa pamutu pa munthu mwezi ndi mwezi, m'madola, ndipo nonse mukudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira.

Lolemba ndinatsegula realm ya bungwe, ndiko kuti chigawo chathu mu Keycloak chosungira anthu ndi mapulogalamu athu, n'kuyamba kulembetsa mapulogalamu. Iliyonse imalembetsedwa ngati client, imapatsidwa dzina lake ndi chinsinsi chake, client secret. Munthu akafuna kulowa mu Nextcloud, kumene timasunga mafayilo, Nextcloud siimufunsanso pasiwedi. Imamutumiza kwa Keycloak, iyo imamuzindikira, kenako imamubweza ndi umboni wakuti uyu ndi uje. Dongosolo limeneli ndi OpenID Connect, la mu 2014, lomangidwa pamwamba pa OAuth 2.0 ya mu 2012. Ubwino wake ndi wakuti pasiwedi imakhala malo amodzi basi.

Lachiwiri Moodle, imene timaphunzitsirapo alangizi athu, inakana. Ndikadina kuti ndilowe, pankangotuluka mawu akuti "Invalid parameter: redirect_uri". Keycloak imabweza munthu ku adiresi yokhayo imene inalembetsedwa, ndipo chilembo chimodzi chikasiyana, imatseka. Mnyamata amene akuphunzira ntchito muofesi mwanga anaona ndikutuluka thukuta ngakhale kunja kunali kuzizira.

"Achimwene, bwanji tingoika kanyenyezi (*) kuti izilola adiresi iliyonse?"

Zikanayenda nthawi yomweyo, ndipo n'chifukwa chake ambiri amatero. Koma ndinamuuza kuti kanyenyeziko kamatanthauza kuti umboni wa munthu ukhoza kutumizidwa ku adiresi ya wakuba. Tinakhala pansi n'kuyerekeza maadiresi awiriwo chilembo ndi chilembo. Anapeza ndi iyeyo: kwina kunali https, kwina http.

Lachitatu linali la msonkhano ndi abwana komanso oyang'anira antchito, kugawa anthu m'magulu ndi kugwirizana kuti ndani aziona chiyani. Chachikulu chimene ndinatulukamo nacho ndi pangano lakuti munthu akasiya ntchito, ndiziuzidwa tsiku lomwelo.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi Lachinayi. Tinayatsa chitetezo chachiwiri, choti kuwonjezera pa pasiwedi munthu azilemba nambala yochokera mufoni mwake. Kunacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza kamene a kuno timakadziwa, anthu atavala majuzi, ali pamzere kuti ajambule QR code ndi FreeOTP kapena Google Authenticator, mapulogalamu a pafoni otulutsa nambalayo. Onse zinawayendera kupatula amayi a ku akaunti, amene agwira ntchito pano nthawi yaitali kuposa tonsefe. Nambala iliyonse imene ankalemba inkakanidwa. Tinafufuta, tinajambulanso, chimodzimodzi. Ndinaona nkhope yawo ikugwa, chifukwa malipiro a anthu ankadikira iwowo.

"Mwanangu, kapena vuto ndi ineyo. Zinthu zanuzi zinabwera ife titakula kale."

"Ayi amayi, mukulemba bwinobwino, ndikuona ndi maso angawa. Tandibwerekani foniyo."

Nditaigwira ndinayang'ana nthawi, n'kuyang'ananso pa kompyuta yanga. Foni yawo inali patsogolo ndi mphindi zisanu. Anandiuza kuti anaikankha dala zaka zapitazo, kuti azinyamuka msanga ku Mchengautuba, asamachedwe kuntchito. Nambala zisanu ndi imodzi zija, zimene amazitcha TOTP, zimawerengedwa kuchokera ku chinsinsi cha mu QR code pamodzi ndi nthawi, ndipo zimasintha masekondi 30 alionse. Foni ndi seva zikasiyana nthawi kwambiri, iliyonse imapeza nambala yakeyake. Khama lawo lomwe losafuna kuchedwa ndi limene linkawatsekera panja. Tinasintha kuti foni izitenga yokha nthawi ku netiweki, analemba nambala, khomo linatseguka. Anaomba m'manja kamodzi, n'kunena kuti mphindi zisanu zija azisamutsira pa wotchi yapakhoma kunyumba.

Madzulo ake ndinawonjezera mzere wonena za nthawi ya foni m'malangizo opita kumaofesi ena. Ndinalembamonso chinthu chimene anzathu a ku Karonga anasangalala nacho, chakuti nambalazi zimatuluka ngakhale foni ilibe bandulo kapena netiweki.

Lachisanu masana magetsi anazima, jenereta inachedwa kulira, ndipo kwa kanthawi palibe amene ankatha kulowa paliponse. Khomo likakhala limodzi, likatsekeka onse amakhala panja, ndipo zimenezi ndinawauza abwana mosabisa. Avomera kuti tigule batire lalikulu la seva. Ndinakonzanso kuti database izikopedwa usiku uliwonse, ndipo pasiwedi ya akaunti yapangozi, yolowera zina zonse zikakanika, ndinailemba pamanja, n'kuitsekera mu envulopu imene ili m'sefa.

Zatsala ziwiri. Pulogalamu yathu yakale ya malipiro siidziwa OpenID Connect ngakhalenso SAML, dongosolo lina lolowera pakhomo limodzi, choncho ikhala kaye ndi pasiwedi yakeyake. Ndiye pali alangizi atatu a ku Rumphi amene ali ndi mafoni a mabatani, osatheka kuikamo FreeOTP. Sindikufuna kuwachotsera chitetezo, komanso sindingauze munthu kuti agule foni yodula ndi ndalama za m'thumba mwake. Lolemba m'mawa ndikwera minibasi kupita komweko, tikakambirane maso ndi maso.