Mndandanda umene umatembenuka pakabwera mlendo

Njira zosankhira chinthu poyang'ana mfundo zingapo nthawi imodzi, monga mtengo, kulimba ndi chitetezo, zimatilonjeza mndandanda wodalirika kuchokera pa choyamba mpaka chomaliza. Yotchuka kwambiri ndi njira yotchedwa AHP, yoyerekeza zinthu ziwiriziwiri, imene Thomas Saaty anaikonza m'zaka za m'ma 1970, ndipo ina ndi TOPSIS ya Hwang ndi Yoon ya mu 1981. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mndandandawo ungathe kutembenuka popanda wina kusintha malikisi.

Belton ndi Gear anaonetsa zimenezi pa AHP mu 1983, ndipo aliyense angathe kuziyesa papepala. Tiyerekeze kuti tikusankha pakati pa A ndi B pa mfundo ziwiri zofanana mphamvu. A wapeza 4 pa yoyamba ndi 1 pa yachiwiri, pamene B wapeza 1 ndi 3. Tikagawa malikisi alionse ndi chiwerengero cha malikisi onse a pa mfundoyo, kenako n'kuphatikiza theka la uku ndi theka la uko, A amapeza 0.525 ndipo B amapeza 0.475. Tsopano tilowetse C, wofanana ndendende ndi A. Pa mfundo yoyamba tigawa ndi 9 m'malo mwa 5, pa yachiwiri ndi 5 m'malo mwa 4, ndipo A atsika kufika pa 0.322 pamene B akhala pa 0.356. B wapambana, chikhalirecho mlendoyo sanabweretse chatsopano chilichonse. Wangodyera A gawo lake pa mfundo imene A anali wamphamvu.

TOPSIS nayonso ili ndi vuto lomweli, chifukwa imayeza mtunda kuchokera pa malikisi apamwamba ndi otsika kwambiri, ndipo malire amenewa amasuntha chatsopano chikalowa kapena chakale chikachotsedwa.

Ena amadzitonthoza ndi muyeso wa Saaty wa kusadzitsutsa, umene suyenera kupitirira 0.1, koma muyesowu umangoona ngati munthu wopereka malikisi akugwirizana ndi mawu ake poyerekeza zinthu ziwiriziwiri. Sunena kanthu za kukhazikika kwa mndandanda. Saaty mwini ankati kutembenukaku nthawi zina n'koyenera, popeza chinthu chikachuluka phindu lake limachepa. Mfundoyi ndimaimva, koma sindingaivomereze pa ntchito yosankha kontrakitala, pamene kampani ingathe kulowetsa mnzake wongonamizira kuti agwetse wopikisana naye. Pamenepo n'kwabwino kugawa ndi malire okhazikitsidwa mpikisano usanayambe.