Linthumbu linandivula thalauza ku Michiru

Mukalowetsa timachubu titatu pakati pa kamera ndi lenzi ya 50mm, dziko lonse limene diso lanu likuona limatsala mamilimita 16 okha, kukula ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Kunja kwa chikhadabo chimenecho, kaya mbuzi ikudya chikwama chanu, kaya wina akukuvulani nsapato, simudziwa kanthu. Izi ndinkazidziwa m'mutu. Thupi linadzazimva Lachisanu lina m'mwezi wa Malichi, m'tsinde mwa phiri la Michiru, mbali ya ku Chilomoni.

Ambiri amayesa kuti kujambula tizilombo pafupi kumafuna lenzi ya mamiliyoni. Lenzi yeniyeni ya macro, yopangidwira kujambula tinthu ting'onoting'ono pafupi, ya 90mm kapena 100mm, ndi yabwino, palibe angatsutse. Koma yanga ndi Nikon yakale ya sensa yaing'ono (kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwa kamera), mamilimita 23.5 ndi 15.6, lenzi ya 50mm yokhala ndi lamba wopotokola pamanja wa aperture (kabowo kolowetsa kuwala), ndi ma extension tube atatu: 12mm, 20mm ndi 36mm. Timachubuti mulibe galasi m'kati, ndi timapaipi chabe totalikitsa lenzi kuchoka pa sensa. Mukatilumikiza tonse timakwana 68mm. Gawani 68 ndi 50, mupeza 1.36, n'kuwonjezerapo kakang'ono kamene lenzi imakulitsa payokha, mufika pafupifupi 1.5. Ndiye kuti kachilombo ka mamilimita 10 kamagwera pa sensa kali mamilimita 15.

Zaulere kulibe. Galasi lakutsogolo liyenera kufika masentimita 5 kapena 6 kuchokera pa kachilomboko, ndipo chilichonse chotalikira kuposa pamenepo chimangooneka phala. Malo amene amatuluka akuthwa nawonso ndi opyapyala zomvetsa chisoni: aperture ikakhala pa f/11 ndi theka la milimita. Diso la kachilombo likathwa, khosi lake lasungunuka kale. Mwina muganiza zotseka kabowo mpaka f/22 kuti malowo akule, koma musatero. Mukakulitsa ka 1.5, nambala ya aperture imachulukitsidwa ndi 2.5, choncho f/11 imagwira ntchito ngati f/28, ndipo f/22 imasanduka f/55. Kuwala kukamadzipanikiza pa kabowo kotero kumamwazika, chithunzi chonse n'kufewa ngati mwapaka mafuta pa galasi. Kuwalako kumachepanso kasanu ndi kamodzi, n'chifukwa chake popanda fulashi mungotaya nthawi.

Ine ndimaika kamera pa M, pamene zonse umasankha wekha, shutter (kachitseko kotsegulira kuwala) pa 1/200 ya sekondi, f/11, ISO (mphamvu ya sensa yomva kuwala) 200, fulashi pamanja pa mphamvu ya 1/16, kapena 1/8 ngati kachilomboko n'kakuda. Shutter mukaipitiriza pa liwiro limene kamera yanu imagwirizana ndi fulashi, mupeza mzere wakuda m'mphepete mwa chithunzi. Ndipo chimene chimaimitsa kunjenjemera kwa manja si shutter ayi, ndi fulashiyo, chifukwa pa mphamvu yochepa choncho imathwanima kamphindi kosapitirira 1/4,000 ya sekondi.

Fulashi yopanda chotchinga imawotcha kadontho koyera pamsana pa kachilombo kalikonse konyezimira, ndipo lenzi imaponyanso mthunzi wake pomwepo. Mankhwala ake ndi chivindikiro cha kabokosi koyera kogulitsiramo chips. Mumaboola pakati bowo lokwana kamwa la lenzi, kwa ine mamilimita 52, kuchivekera kutsogolo, kuchiweramitsa pang'ono kuti chiphimbe kachilombo ngati denga la khonde, n'kumanga ndi mphira. Kuwala kukamenya pamenepo kumatsika kofewa. Chitsukeni ndi sopo chisanapite kutchire. Changa ndinangochipukuta ndi nyuzipepala, chinkanunkhabe kachumbali.

Ndinafika cha m'ma 5:30, mvula itagwa usiku wonse. Imeneyo ndiyo nthawi yake. Tizilombo sitidzitenthetsa tokha, timadikira dzuwa, choncho m'mawa kuli mame timakhala titauma pa masamba ngati alonda ogona pantchito. Ikamakwana 8 koloko tombolombo yemwe munamugwira phiko amakhala akukuthawani muli mamita atatu.

Pambali pa kanjira ndinaona chiswamphika chobiriwira pa kanthambi kofika m'mawondo. Wojambula aliyense amachikonda chiswamphika chifukwa sichithawa msanga, chimatembenuza mutu n'kukuyang'anani. M'diso mwake muli kadontho kakuda kooneka ngati kakukutsatirani kulikonse kumene mwapita. Si mboni yeniyeni ayi. Diso lake lapangidwa ndi timaso tambirimbiri, ndipo timene talunjika kwa inu ndi timene timaoneka takuda. Kadontho kameneko kakatuluka kakuthwa, chithunzi chatheka.

Kafikidwe kake n'kotere. Mthunzi wanu usachigwere. Bwerani chakutsogolo, pang'onopang'ono, muli chowerama. Tsinani kanthambi ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala cha dzanja lamanzere, n'kutsamiritsa lenzi pa dzanja lomwelo, kuti mphepo ikagwedeza nthambi igwedezenso kamera pamodzi. Autofocus, yofokasa yokha ija, izimitseni, pamenepa imangosakasaka ngati nkhuku yotaya anapiye. Mumafokasa ndi thupi: kupita kutsogolo pang'ono, kubwerera pang'ono, mpweya mutaugwira, n'kudina pamene diso lathwa. Kuti zimenezi zitheke thupi liyenera kukhazikika pansi. Ndiye ndinagwada, mawondo onse awiri, m'udzu wonyowa, maso ali pa chiswamphika.

M'chikwama changa munali thumba la feteleza lopanda kanthu, lopinda bwinobwino, limene ndimanyamula kuti ndizigwadirapo. Lamulo limene ndimauza aliyense wongoyamba kumene ndi lakuti asanagwade ayang'ane pansi mamita awiri mbali zonse, atokose masamba ndi kamtengo, ndipo miyendo ya thalauza ailowetse m'sokosi. Tsiku limenelo thumba linakhala m'chikwama, sokosi zinali zazifupi, ndipo pansi ndinapayang'ana nditavula kale.

Linthumbu limakonda kusamuka mvula ikagwa. Lilibe maso, limayenda motsata fungo la anzake, ting'onoting'ono pakati, asilikali a mitu ikuluikulu m'mbali, mano ali m'mwamba. Mzere wake nthawi zina umadutsa pansi pa masamba kapena m'kangalande kamene ladzikumbira lokha, moti mukhoza kuuponda osauona. Bondo langa lamanja linatera pakati penipeni pa msewu wawo.

Kunyerenyetsa koyamba ndinakumva pa msongolo. Ndinati ndi mame. Kwachiwiri kuseri kwa bondo. Ndinati ndi udzu. Apa mpamene luso linandipweteketsa, chifukwa munthu wojambula pa theka la milimita amaliphunzitsa thupi kusamva kuyabwa. Udzudzu ukutera pakhosi, osagwedezeka. Thukuta likulowa m'diso, osaphethira. Choncho kwa mphindi zinayi kapena zisanu ndinali mwala, ndikudina, chiswamphika chikundipatsa mutu mbali iyi ndi iyo ngati mkwatibwi, pamene gulu lonse linkakwera m'kati mwa thalauza mwaulemu, osaluma ngakhale kamodzi.

Anthu amati linthumbu limayamba lakwera lonse, kenako mkulu wake n'kuimba wezulo kuti lilume pamodzi. Chimene chimachitika n'chakuti imodzi ikafinyika imatulutsa fungo lochenjeza zinzake. Wezuloyo ndinaimba ndine, pamene ndinasuntha kulemera kwa thupi kupita ku bondo lamanzere, lamba n'kufinya amene anali atafika m'chiuno.

Sindikumbuka kuti ndinaimirira bwanji. Kamera inapulumuka chifukwa cha chingwe cha m'khosi. Chivindikiro cha chips chinauluka. Ndinadzimenya mbama m'ntchafu, zomwe sizithandiza chilichonse, chifukwa msilikali wa linthumbu akaluma sasiya, ndipo mukamukoka mwaphuma thupi limaduka mutu n'kutsala pakhungu. Njira ndi imodzi yokha, aliyense wokulira kumudzi amaidziwa. Ndinamasula lamba n'kutsitsa thalauza. Ndinaiwala kuti nsapato zimayamba kuvulidwa. Thalauza linakodwa mu akakolo, ndinadumpha ndi mwendo umodzi kawiri, kachitatu ndinamva kuti phwee kumbuyo, msoko wonse wapita.

Nthawi yomweyo ndinazindikira kuti nyimbo imene ndinkaimva chapatali ija yafika pafupi, ndipo yaima pakati pa mawu. Inali nyengo ya Lenti. Amayi asanu ndi atatu, makorona m'manja, anali pa ulendo wokwera ku Njira ya Mtanda, ndipo kanjira kawo kanali komweka.

"Mayo ine, wamisala!" anatero wachitsikana wina, akubwerera m'mbuyo.

Mayi wachikulire amene ankatsogolera sanandiyang'ane n'komwe, anayang'ana pansi. "Si misala iyi, ndi linthumbu. Inu bambo, tachokanipo pamenepo, mwaimanso pa mzere womwewo." Anamasula chitenje chapamwamba n'kundiponyera. "Pitani kuseri kwa mtengowo, muvule zonse, mufunde ichi."

"Pepani kwambiri amayi," ndinatero.

"Mukupepesa ife? Olumidwa ndinu."

Kuseri kwa mtengo ntchito inali yochotsa imodziimodzi. Mumaitsina pamutu penipeni, pafupi ndi khungu, n'kupotokola pang'ono kuti mano atuluke. Thalauza mumalitembenuza, kuyang'ana m'misoko, m'matumba ndi m'mphepete mwa chiuno, chifukwa kukutumula kokha sikuzichotsa, zimaluma nsalu ngati mmene zimalumira munthu. Nsapato mumachotsa kansalu kam'kati. Ndinasiya kuwerenga nditafika 40. Amayi aja sanapite. Ankakambirana chapansipansi za phulusa ndi palafini, ndi za nkhuku za mlamu wa wina zimene zinathera m'khola usiku umodzi.

Nditatulukira, chitenje chili m'chiuno, mayi wamkulu uja anafunsa chimene ndinagwadira. "Ife potulukira paja timayesa mnzathu, mukupemphera."

Ndinawaonetsa pa sikirini ya kamera. Anayang'anitsitsa mutu wobiriwirawo, n'kuyang'ana ine. "Thupi lonseli mwalumitsa chifukwa cha chiswamphika? Kwathu zili mbwee pa mpanda wa nyemba, mukanangofunsa." Kenako anati poti kamera ilipo, ndiwajambule iwo, anthu enieni.

Kukana kunali kosatheka, nditavala chitenje chawo. Anafola mizere iwiri, ndinakweza kamera, ndinaona phala lokhalokha. Timachubu tinali tikadali pomwepo. Kuti mayiyo atuluke wakuthwa ndikanayenera kuima masentimita 5 kuchokera pamphuno pawo, ndipo kwa tsiku limodzi ndinali nditawaonetsa zokwanira. Kuchotsa timachubu kumafuna manja awiri: kuzimitsa kamera, kuiyang'anitsa pansi kuti fumbi lisagwere pa sensa, kumasula lenzi, kumasula timachubu, kubwezera lenzi. Chitenje chomangidwa ndi mwamuna nachonso chimafuna dzanja lake. Ndinachipana ndi chigongono, n'kugwira chubu cha 36mm ndi mano.

Ndinadina. Chithunzi chinatuluka usiku. Ndinali ndisanasinthe chilichonse, f/11 ndi fulashi ya 1/16, imene kuwala kwake pa aperture imeneyo kumathera pa mita imodzi, pamene amayiwo anali mamita anayi, pamthunzi, kumwamba kuli mitambo. Munkaoneka mano ndi mipango yoyera basi.

"Tatuluka bwino?"

"Wina anaphethira, amayi. Tibwereze."

Ndinatsegula mpaka f/4, shutter 1/125, ISO 800, fulashi n'kuzimitsa, ndipo anatuluka onse asanu ndi atatu, awiri akuseka moti sankatha kuima bwino. Thalauza ndinavala, koma kumbuyo linali khomo losatseka, choncho chitenje ndinakulunga pamwamba pake n'kukwera nacho minibasi ya m'tauni. Kondakitala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundipatsa mpando wakutsogolo osanena kanthu.

Pa kompyuta ndinapeza zithunzi 163 za chiswamphika. Zakuthwa pa diso zinali zisanu ndi chimodzi, zomwe si zachilendo pa ntchito imeneyi. Chomaliza ndisanadumphe chinali china. Chiswamphika chasungunuka kumbuyo, ndipo kutsogolo, pa chikhadabo changa chimene chinatsina nthambi, paima msilikali wa linthumbu, mutu wofiirira ukunyezimira bwino pansi pa kuwala kwa chivindikiro cha chips, mano atayasama, akuthwa kuyambira kunsonga mpaka kutsinde. Ndakhala ndikuyesa dala kujambula linthumbu kangapo, silinaimepo chonchi.

Lachisanu lotsatira ndinakadikira pa kanjira komwe kaja, chitenje chochapa ndi kusita chili m'jumbo pamodzi ndi chithunzi chawo chotsukitsa. Ndinaima pamwala, nditatokosa kale masamba onse ozungulira. Mayi uja anandizindikira ali patali.

"Ndi aja a linthumbu aja!" anauza gulu lonse, lomwe tsikulo linali lokwana makumi awiri. Analandira jumbo ndi manja awiri, n'kutsitsa maso pa miyendo yanga, pamene thalauza linali litalowa m'sokosi zofika m'mawondo.

"Eya," anatero. "Lero mwavala."