Gitala yamphako ija yafika

Anzanga oimba, gitala yamagetsi yamphako ija aipanganso potsata kapangidwe kakale yafika m'manja mwanga, ndipo ndakondwa zedi. Choyamba kundidabwitsa ndi kupepuka kwake. Mkati mulibe thabwa lapakati, ndi bokosi lokhalokha, motero ngakhale usanailumikize ku ampu (chida chokweza mawu) imalira ndithu. Ukakhudza nsambo yaikulu, kunjenjemera kwa thabwa umakumva pachifuwa penipeni. Tizibowo tiwiri tooneka ngati chilembo cha f tija atisema mwaluso, ndipo utoto wake ndi woderako m'mphepete, wachikasu pakati. Kukongola!

Pa ampu, mapikapu (tizida togwira kulira kwa nsambo n'kutumiza ku ampu) amtundu wa P-90 akutulutsa mawu onenepa, okoma m'khutu, ngakhale pansi pake pamamveka kaphokoso kong'ung'udza, komwe ndi chibadwa cha mapikapu amenewa. Ukakweza voliyumu kwambiri utaima pafupi ndi sipika, gitalayo imayamba kulira yokha. Limeneli ndi khalidwe la magitala amphako kuyambira pa Gibson ES-150 ya 1936, ndipo ine silikundivuta, ndimangopotoloka pang'ono basi.

Khosi lake ndi lonenepa, koma dzanja likuzolowera. Oimba jazi ndi blues, iyi ndi yanu. Inu a rock yaphokoso, iyeseni kaye pa ampu yanu musanagule.