Foni ya maso anayi

Popeza nkhaniyi yafika kale mpaka ku Chibavi, ndipo ena akuithira mchere kuti ndinalira, ndiyambire pomwepo: sindinalire. Unali utsi wa chowotcherera umene unandilowa m'maso. Zinazo n'zoona.

Inde, ine amene ndakonza mafoni pafupi ndi msika waukulu wa Mzuzu kwa zaka 11, amene tsiku ndi tsiku ndimalalikira kuti foni yosasweka siitayidwa, ndinagula foni ya makamera anayi kwa mnyamata wa chikwama kumsana ku depoti. Pabokosi analemba malo osungira zinthu 512GB, RAM (kachipangizo kothandiza foni kugwira ntchito mwachangu) 16GB, batire 7800mAh. Anayambira K260,000 n'kutsika mpaka K210,000, akuti, "Inu ndinu akatswiri bwana, sindingakuphunzitseni." Mawu amenewo ndi amene anandipha. Munthu akakutchula katswiri, sungayambenso kudina *#06# pamaso pake kuti uone ngati IMEI (nambala yozindikiritsa foni iliyonse) ya m'foni ikufanana ndi ya pabokosi. Umangoiyeza m'dzanja n'kugwedeza mutu ngati sing'anga. Ndipo inali yolemera bwino, izi ndiye musaiwale.

Foni yanga yakale inali itandikwana, ndinene chilungamo. Moto umatha 2 koloko isanakwane, chaja ndimachita kutsamiza pa buku kuti igwire, ndipo m'mawa uliwonse imadandaula kuti malo adzaza. Matenda atatu onsewa ndimachiza ndisanamwe tiyi. Batire ya lithiamu ikadzazidwa ndi kutha pafupifupi ka 500 imayamba kufooka, ndipo kuzizira kwathu kwa June kumaiulula: foni imazima ikuonetsa 20%. Mankhwala ake ndi batire ina, basi. Chaja ikamagwedera, nthawi zambiri ndi ulusi wa m'thumba umene wadindana polowera. Zimitsani foni, tengani chotokosera m'mano cha mtengo, osati singano chifukwa chitsulo chimagundanitsa timawaya ta mkatimo, n'kukokera kunja pang'onopang'ono. Mudzatulutsa thonje lokwana kapilo ka mbewa. Malo odzaza ndi mavidiyo a gulu la mpingo ndi la kumudzi pa WhatsApp: lowani pa Storage and data, kenako Manage storage, fufutani akuluakulu, n'kuletsa kuti asamadzitsitse okha. Ntchito yonseyi ndi ya mphindi 40.

Ndipo ndinaigwira ntchitoyo. Ndinasintha batire, ndinatokosa, ndinafufuta, kenako ndinaigulitsa kwa alamu anga a ku Luwinga pa K45,000, kuti asadzandinene kwa mlongo wawo kuti ndinawapatsa foni yodwala. Mwamva bwino. Ndinaichiza kaye, ndiye n'kuigulitsa chifukwa choti imadwala.

Yatsopano inandipatsa ulemu masiku atatu. Ndimaiika chafufumimba patebulo kuti maso anayi aja aziyang'ana makasitomala. Tsiku lachinayi, nditajambula zithunzi zochepa ndi vidiyo imodzi ya chinkhoswe ku Katoto, inati malo atha. Mu Settings ikadalemba 512GB, osachita manyazi. Manambala amenewo opanga mafoni achinyengo amangowalemba m'pulogalamu ngati mtengo pa chikwangwani. Njira yodalirika n'kuthiramo mafayilo aakulu kuchokera pa kompyuta n'kuyesa kuwatsegula onse. Yanga inatsamwa isanafike pa 16GB. Ndinatseka kamera iliyonse ndi chala, imodzi imodzi: yoyamba mdima, monga ziyenera kukhalira. Yachiwiri chithunzi chili bwinobwino. Yachitatu bwinobwino. Yachinayi ndinachita kuiphimba ndi chala chamanthu, ndipo foni inapitiriza kundionetsa nsapato zanga.

Apa munthu wanzeru akanadikira kuti aweruke. Ine ndinaitsegula pomwepo, mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito ali pambali, ndiponso pabenchi pali mayi wina wa ku Zolozolo amene ndinali nditangomaliza kumuuza kuti, "Amayi, musataye ndalama pa yatsopano, masiku ano ambiri akugula bokosi." Ndinafunditsa chivundikiro kuti guluu afewe, ndinadonthezera sipiriti m'mbali, n'kuyendetsa kakhadi ka pulasitiki mozungulira. Chinatseguka mosavuta ngati chimandidikira.

Kuseri kwa magalasi atatu aja kunalibe kanthu. Osati kamera yotchipa, osati waya woduka ayi. Pulasitiki wakuda, wosalala, ngati maso a chidole. Batire inali kakang'ono ngati bokosi la machesi, kali pakona ngati mlendo pamaliro. Ndipo pakati, pamalo aulemu, anamatapo ndi tepi chitsulo. Chitsulo chenicheni, chodulidwa mwachangu, mbali imodzi yadzimbiri. Kulemera kuja ndinagwedezera mutu ku depoti kunali kumeneku.

Tonse atatu tinachiyang'ana. Ndinachigogoda ndi sikuludiraiva, chinalira kuti ngwe. Ndinachigogodanso, sindikudziwa kuti ndimayembekeza yankho lanji. Ndinabweretsa maginito a sipika yakale, anakakamira nganganga. Ndinachitembenuza kuti mwina kuseri kuli nambala ya fakitale, ndinapeza utoto wobiriwira, kusonyeza kuti chisanakhale foni chinali geti la munthu. Mnyamata uja, ndi nkhope ya mwana wofunadi kuphunzira, anafunsa kuti, "Bwana, ndiye RAM imeneyi?" Ndinamutuma akagule mandasi. Anapita nacho chitsulocho osandiuza, n'kukachiyeza pa sikelo ya ogulitsa nyemba, ndipo ndi mmene msika wonse unadziwira kuti ndi magalamu 60. Ogula zitsulo zakutha amagula pa kilo. Ine ndinagula pa galamu, ndipo sindikukhulupirira kuti chigawo chonse cha kumpoto chilipo chitsulo china chodula chonchi.

Mayi uja sanaseke, Mulungu awadalitse. Anangokonza chitenje n'kunena kuti, "Achimwene, yanga ija mungosintha batire eti?" Ndinasintha. Analipira n'kundionjezera K500, akuti ya chipepeso.

Komabe tizinena zoona, chivundikiro chake chinali chokongola, ndipo kamera imodzi yamoyo ija imajambula ndithu dzuwa likakhala kumbuyo kwako. Komanso ku depoti kunali mvula yowaza, munthu sungayese foni bwino manja akunjenjemera.

Mnyamata wachikwama sindinamuonenso. Alamu ndinawapempha andibwezere yakale ija, ati K90,000 chifukwa ili ndi batire yatsopano ndiponso anaikonza ndi katswiri. Panopa ndikugwiritsa ntchito kafoni ka mabatani, moto umakhala masiku anayi. Chitsulo chija ndimatsinjizira malisiti kuti asauluke ndi mphepo. Amene mukufuna kuchiona bwerani m'mawa, masana ndimakhala ndi anthu.