Kuthokoza mayi wa ku labotale amene adakana chiponde chathu

Ndine mlembi wa gulu la alimi opanga chiponde kufupi ndi Kamwendo, m'boma la Mchinji, ndipo ndikulemba mawu ano m'malo mwa mamembala onse monga tidagwirizanirana pa msonkhano wathu wa mwezi uno. Sabata yatha tidalandira zotsatira zachitatu zotsatizana zosonyeza kuti chiponde chathu ndi madzi amene timagwiritsa ntchito zili bwino, choncho tsopano tili ndi poyambira kukapempha chizindikiro cha bungwe la Malawi Bureau of Standards, chimene masitolo akuluakulu amafuna asanaike katundu wa munthu pashelefu. Oyenera kuwathokoza ndi ambiri, koma oyamba ndi mayi wina wa ku labotale ya boma ku Lilongwe, katswiri woyeza zakudya ndi madzi, amene mu 2024 adatiuza mosapita m'mbali kuti chiponde chathu sichinali choyenera kudyedwa ndi munthu. Dzina lawo sinditchula chifukwa adatipempha kuti tisatero.

Tidatumiza mabotolo oyamba tili ndi chikhulupiriro chonse, pakuti kuno nsawa tidazidziwa tili ana, ndipo palibe adadandaulapo za kakomedwe ka chiponde chathu. Pepala litabwera lidati muli poizoni wa chuku, wotchedwa aflatoxin, wochuluka kangapo kuposa mlingo wololedwa. Ndivomere pano kuti zimene tidayankhula tsiku limenelo pansi pa mtengo wa mango sizinali zabwino. Ena adati pali wansanje amene watiyendera pansi, ena adati ku labotaleko akufuna kangachepe, ndipo ineyo, amene ndikulemba mwaulemu lero, ndidali m'gulu la onena zachiwirizo. Tidasonkherana ya minibasi n'kutuma anthu atatu, ine mmodzi wa iwo, kuti tikamve bwinobwino.

Mayiwa sadakwiye ndi nkhope zathu. Adatipatsa mipando, natifunsa kuti tifotokoze ulendo wonse wa mtedza wathu kuchokera tsiku lokumba mpaka kulowa m'botolo, ndipo ankalemba uku tikuyankhula. Titafika ponena kuti madzulo timawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe tisanayambe kuswa m'mawa mwake, adaika cholembera pansi n'kunena kuti chuku timachiitana tokha pamenepo. Adafotokoza kuti chukucho chimakhala m'dothi, ndipo chimalowa mosavuta m'mtedza umene wavutika ndi ng'amba pamene ukukhwima, umene wabooledwa ndi chiswe kapena kutemedwa ndi khasu, ndi umene wanyowa utauma kale. Chaka chimenecho chidali cha El Niño, pamene boma lidalengeza kuti maboma 23 ali pangozi ya chilala, ndiye mtedza wambiri udatuluka m'munda uli wofooka kale.

Titanena kuti ife timakazinga mtedza wonse tisanaupere, adayankha kuti moto umapha chuku koma poizoni amene chasiya amatsala, chifukwa sawonongeka kwathunthu ndi kutentha kwa kukazinga kapena kuphika. Alibe fungo loti munthu angalimve nthawi zonse, ndipo mlingo wake ndi wochepa kwambiri moti amawerengedwa m'magawo a biliyoni. Kuti timvetse, adati gawo limodzi lotere lili ngati galamu imodzi m'matani 1,000, ndipo maiko a ku Ulaya salola kupitirira magawo 4 mu mtedza wodya anthu. Adatiuzanso kuti poizoniyu adadziwika mu 1960 nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England chifukwa cha chakudya chopangidwa ndi mtedza, ndiponso kuti mu 2004 anthu 125 adamwalira ku Kenya atadya chimanga cha chuku. Koma chimene iwo amaopa kwambiri, adatero, ndi kudya pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, kumene kumawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo kumathandizira kupinimbiritsa ana.

Kenaka adatilola kuona, titaima chapatali, mmene ntchito yawo imayendera. Adapera mtedza kukhala ufa, adayeza pasikelo kakang'ono kokhala m'bokosi lagalasi kuti mphepo isasokoneze, adausakaniza ndi mankhwala amadzi n'kugwedeza, adasefa, kenaka adaviika kapepala kotalika ngati chala m'madzi osefedwawo n'kukalowetsa m'makina owerenga. Chimene chidandigwira mtima ndi chakuti pa botolo lathu padalibe dzina la gulu lathu koma nambala yokha, ndipo nambala yomweyo idalembedwa m'buku pamodzi ndi tsiku ndi nthawi yolandirira. Ndidachita manyazi ndi mawu anga a pansi pa mango aja, ndipo ndidayenda ulendo wonse wobwerera, kudutsa pa Namitete mpaka kutsika pa Kamwendo, osayankhula zambiri.

Funso limene lidatipweteka koposa adalifunsa titaimirira kale kuti tizipita. Adati, “Nanga mtedza umene mumachotsa posankha, wofota, wakuda ndi wosweka, umapita kuti?” Tidayang'anana, pakuti yankho aliyense wa kuno akulidziwa: wabwino timagulitsa, ndipo mphwephwa ndi zotsalira timasinja nsinjiro zotendera ndiwo ndi kuthira m'phala la ana. Ndiye kuti kwa zaka zonsezi wogula wa m'tauni timamupatsa wosankhidwa, ana athu enieni n'kumadya umene uli ndi poizoni wambiri. Sindikuweruza mayi aliyense amene amachita zimenezi, chifukwa kutaya chakudya m'chaka cha njala si nkhani yapafupi, koma kuyambira tsiku limenelo m'nyumba za mamembala athu mtedza wotere sulowanso mumtondo. Ngakhale ziweto adatiletsa kuzipatsa, makamaka ng'ombe ndi mbuzi zamkaka, chifukwa poizoniyo amatulukira mumkaka.

Chiponde chonse chimene chidali m'nyumba yathu yosungira tidachikwirira m'dzenje lakuya, mafumu ndi alangizi a zaumoyo akuona. Mudali ndalama za ngongole imene tidali tisanamalize kubweza, ndipo mamembala angapo adachoka m'gulu mwezi womwewo. Sitikuwadandaula.

Za madzi tidazidziwa mochedwerapo, ndipo adayambitsa ndi mayi a ku labotale omwewo. Adafunsa kumene timatunga madzi otsukira mabotolo, makina ndi m'manja, ndipo atamva kuti ndi pachitsime cha m'mbali mwa dambo adatipatsa botolo lawo lotsekedwa, natilangiza kuti tisakhudze m'kamwa mwake, tilisunge m'bokosi la madzi oundana, ndipo lifike ku labotale tsiku lomwelo. Kumeneko adasefa mamililita 100 pa kapepala kozungulira, n'kukagoneka m'kabati yofunda usiku wonse. M'mawa kapepalako kadali ndi timadontho tambiri, ndipo kadontho kalikonse kankasonyeza tizilombo tochokera m'chimbudzi cha munthu kapena ndowe za ziweto, pamene m'madzi akumwa simuyenera kupezeka ngakhale kamodzi. Madziwo adali oyera mbee m'maso, ndipo tonse tinkamwa. Pokumbukira kolera wa 2022 ndi 2023, amene adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, palibe adatsutsa. Tidasuntha khola limene lidali kumtunda kwa chitsime, tidakonza simenti yozungulira imene idali yong'aluka, ndipo madzi a pantchito tsopano timatunga pamjigo n'kuthira kolorini.

Kumunda tidasintha zambiri ndi thandizo la alangizi a zaulimi, amene tikuwathokozanso. Timakumba mtedza ukangokhwima, timauumitsa pamilu yoyang'anitsa mtedza m'kati kuti usagone padothi, sitiwazanso madzi poswa, ndipo matumba amakhala pathandala, osatsamira khoma. Kusankha kumatenga masiku ambiri kuposa kale, amayi atakhala pamphasa ndi malichero, chifukwa mayiwa adatiphunzitsa kuti njere zochepa zowonongeka zikhoza kuipitsa thumba lonse. Pachifukwa chomwecho adakana chizolowezi chathu chotapa mtedza wokayezetsa pamwamba pa thumba limodzi looneka bwino. Adati titape pamwamba, pakati ndi pansi pa matumba ambiri n'kusakaniza, apo ayi tidzinamiza tokha ndi pepala labwino. Zotsatira zoyamba titasintha zimenezi zidatsika koma sizidafike pofunika, ndipo mayiwa adatiuzanso momwemo popanda kuchotsera, ngakhale ankadziwa kuti tabwera ndi ndalama zobwereka.

Mayi, akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo inu mudatitsina pamene ife tinkakuganizirani zoipa. Tikupepesa pagulu chifukwa cha mawu aja, ngakhale simudawamve. Tikudziwa kuti anthu ngati inu amakumbukiridwa pokhapokha zinthu zikavuta, ndiponso kuti tsiku lililonse mumalandira mabotolo a nambala kuchokera kwa anthu amene simudzawaona, ena a iwo okwiya ngati mmene tidalili ife. Tikuthokozanso anzanu a mu labotale amene amatsuka ndi kukonza zida, a mfumu athu amene adapereka malo okwirira chiponde chija n'kuletsa ana kufika pamenepo, ndi mamembala amene adatsala m'gulu chaka chonse osagawana kanthu.

Titalandira zotsatira za sabata yatha, wapampando wathu adanyamula tambala ndi mabotolo awiri a chiponde kupita nazo ku Lilongwe. Mayiwa adaseka, adathokoza, koma adakana zonse, ponena kuti munthu woyeza salandira mphatso kwa mwini katundu amene akumuyeza, ndipo kuti chiponde chikadzafika m'sitolo adzagula ndi ndalama zawo. Tambalayo adabwerera pa minibasi yomweyo, ndipo tidzamudya Loweruka likubwerali pa msonkhano wa gulu, pamene tidzapachike pakhoma mapepala awiri moyandikana, la 2024 lokana lija ndi la sabata yatha.